Asaichotse nyimbo ya wonyamula makalata wa ku Kushtia

Kwa zaka zingapo ndinkagwira ntchito pa shopu ya m'Bangladesh wina mu lokeshoni ina kuno ku Joni, ndipo amene munagwirako maganyu amtunduwu mukudziwa mmene zimakhalira, kutsogolo mawaya okhaokha, kabowo kopatsira chenji, abwana kumagona momwemo kuseri kwa matumba a ufa. Abwana angawo kwawo ndi ku boma lotchedwa Kushtia, dzinali ndinayamba kulimva tsiku lomwe m'bale wawo anabwera kuchokera kumudzi atanyamula timaswiti ta chitowe totchedwa tilkhaja, tonyenyeka ngati bisiketi koma tomata m'mano, iwo n'kumandiuza monyada kuti dziko lonse limadziwa kuti tilkhaja weniweni ndi wa ku Kushtia, enawo ndi ongokopera. Munthu wofatsa kwambiri, wosakweza mawu ngakhale woledzera atawatukwana pa windo. Koma tsiku lina mu Seputembala 2024 ndinawapeza akukuwa pa foni maso ali psuu, mpaka mayi wina amene anabwera kudzagula buledi anabwerera osagula. Ine ndimaona ngati kumudzi kwagwa zovuta kapena wina wadya ndalama zomwe amatumiza. Ayi ndithu, amakangana ndi msuweni wawo wa ku Dhaka pa nkhani ya nyimbo ya fuko.

Nkhani yake inali iyi. Pa 5 Ogasiti 2024 nduna yaikulu ya Bangladesh Sheikh Hasina anathawira ku India anthu atamuukira, ndipo mwa anthu amene anatuluka m'ndende zachinsinsi masiku amenewo panali a Abdullahil Amaan Azmi, msilikali wakale wa udindo waukulu, mwana wa Ghulam Azam amene ankatsogolera chipani cha Jamaat-e-Islami. Bambowa anasungidwa zaka 8 osatengeredwa ku khothi, abale awo osadziwa komwe ali, choncho atatsegula pakamwa anthu anatchera khutu. Kumayambiriro kwa Seputembala anati nyimbo ya fuko, Amar Sonar Bangla, isinthidwe, ati inalembedwa pofuna kugwirizanitsa zigawo ziwiri za Bengal, cha ku India ndi cha ku Bangladesh, ndipo India ndi amene anaikakamiza mu 1971. Boma logwirizira linati lilibe maganizo osintha, magulu a zachikhalidwe anatuluka m'misewu kukaiimba, koma nkhaniyi ili ngati moto wa utuchi, ukaona ngati wazima mawa lake ukupeza ukufuka pa Facebook. Ine si m'Bengali ndipo wina atha kundiuza kuti za eni n'za eni, zoona, koma ndamvetsera ndi kuwerenga mokwanira moti ndaima mbali imodzi. Nyimboyi isasinthidwe. Amene akuitcha katundu wa India mwina sakudziwa kapena akubisa dala komwe inachokera, chifukwa inachokera ku Kushtia, m'mbali mwa mtsinje wa Padma, m'kati mwa Bangladesh momwemo, ndipo mukangoyamba kusankha anthu otchuka a boma limeneli kuti uyu ndi wathu uyu ndi wa kutsidya, mutsala ndi manja okhaokha.

Tiyambe ndi malowo kaye. Kushtia ili kumadzulo kwa Bangladesh mu chigawo cha Khulna, anthu ake ndi oposa 2 miliyoni. Mtsinje wa Ganges ukalowa mu Bangladesh amautcha Padma, ndipo pafupi ndi tawuni ya Kushtia umatulutsa nthambi yotchedwa Gorai yomwe imatsetsereka kummwera kupereka madzi abwino mpaka kufupi ndi nkhalango ya Sundarbans. Tawuniyo ili m'mbali mwa Gorai. Njanji inafika kuno mu 1862 pa siteshoni ya Jagati, mlatho wa sitima wa Hardinge wodutsa pa Padma unatsegulidwa mu 1915 ndipo ukugwirabe ntchito. Ku Kumarkhali amaluka nsalu, alimi amalima mpunga, jute wopangira masaka ndi fodya, inde fodya, Kushtia ndi limodzi mwa maboma olima fodya kwambiri kumeneko moti abwana ndi ine pa nkhani yodandaula za ogula tinkamvana ngati ana a mimba imodzi. Koma chofunika kwambiri pa nkhani yathuyi n'chakuti mpaka 1947 Kushtia sinali boma palokha, inali mbali ya boma la Nadia. Azungu pochoka anadula mzere, Nadia n'kugawika pakati, mbali ina India mbali ina Pakistan ya kummawa, yomwe inadzakhala Bangladesh mu 1971. Ife Achewa izi sitifunika kufotokozeredwa, Kalonga Gawa Undi ali ku Mkaika ku Zambia koma ku Kulamba kumapita mafumu a ku Malawi ndi ku Mozambique, ndipo palibe wamisala amene anganene kuti Gawa ndi mlendo kwa Mchewa wa ku Dedza.

Tsono nyimbo ija inabadwa chonchi. Banja la a Tagore a ku Kolkata, mzinda womwe lero uli ku India, linali ndi malo aakulu ku Shilaidaha, mudzi wa m'mbali mwa Padma mu Kushtia momwemo, anali ma zamindar, kutanthauza eni malo otolera msonkho kwa alimi. Cha m'ma 1890 mlakatuli Rabindranath Tagore anatumidwa ndi bambo ake kukayang'anira malowo ndipo anakhalako zaka pafupifupi 10, nthawi zambiri akugona m'boti pa mtsinje. Pa positi ofesi ya ku Shilaidaha panali munthu wina wonyamula makalata, Gagan Harkara, ndipo mawu oti harkara akutanthauza ntchito yomweyo, munthu wothamanga ndi thumba la makalata mudzi ndi mudzi. Gagan anali m'Baul. A Baul ndi oimba oyendayenda, ena ochokera ku mabanja achisilamu ena achihindu, amaimba ndi ektara, choimbira cha chingwe chimodzi chonga kaligo kungoti iwo amaliza ndi chala, ndipo chikhulupiriro chawo n'choti Mulungu umamufunafuna m'kati mwa munthu osati m'nyumba yomanga ndi njerwa. UNESCO inazindikira nyimbo zawo mu 2005, chaka chomwecho chomwe inazindikira Gule Wamkulu ndi Vimbuza. Gagan anali ndi nyimbo yake yofunsa komwe angamupeze munthu wa mumtima mwake, Tagore anaimva, inamulowa, ndipo mu 1905 anatenga chuni chake n'kuikapo mawu atsopano. Ndiye nyimbo ya fuko ya Bangladesh imeneyo. Mawu ndi a mwini malo, chuni ndi cha wonyamula makalata wa kumudzi. Mawuwonso mukawamva alibe mfuti kapena mbendera, akunena za fungo la maluwa a mango, minda ya mpunga wakucha, mthunzi wa mitengo ikuluikulu m'mbali mwa mtsinje, zinthu zomwe mwana wa ku Kumarkhali amaziona akangotuluka pakhomo.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi ya chaka chimenecho cha 1905, ndipo ndiivomereze kuti si yopanda mutu. Chaka chimenecho Lord Curzon, mtsamunda wamkulu wa Britain ku India, anagawa Bengal pawiri, kummawa komwe Asilamu anali ambiri kunakhala chigawo pachokha likulu lake Dhaka. Ophunzira ndi olemera a ku Kolkata, ambiri mwa iwo Ahindu, anakwiya kwambiri ndipo Tagore analemba nyimboyi pa nthawi ya zionetsero zokana kugawako. Koma Asilamu ambiri a kummawa anakondwera nako kugawako chifukwa kwa nthawi yoyamba Dhaka imaoneka ngati ipeza masukulu, maofesi ndi ntchito mmalo momangotumiza jute ku mafakitale a Kolkata, ndipo chipani cha Muslim League chinabadwira ku Dhaka komweko mu 1906. Azungu atabweza ganizo lawo mu 1911 anthu a kummawa anamva kuti aberedwa. Ndiye otsutsa akuti, zingatheke bwanji dziko lomwe lilipo chifukwa cha kugawa kumaimba nyimbo yolembedwa pokana kugawa, komanso dzina loti Bangladesh mulibemo mu nyimboyo. Funso labwino ndithu.

Yankho langa n'loti nyimbo siikhala ya amene anailemba yekha, imakhalanso ya amene anaiimba pa nthawi yovuta. Anzathu a ku Zambia chuni cha nyimbo yawo ya fuko ndi cha Enoch Sontonga, mphunzitsi wa ku South Africa amene anapeka nyimbo ya mu tchalitchi mu 1897 asakudziwa n'komwe kuti kudzakhala dziko lotchedwa Zambia, a ku Tanzania chimodzimodzi, koma pitani ku Chipata mukawauze kuti nyimbo yawo ndi ya ku Joni muone ngati mubwerako bwino. Ku Bengal ya kummawa nyimboyi anaigula ndi mavuto. Mu 1967 boma la Pakistan linaletsa nyimbo za Tagore pa wailesi ati sizigwirizana ndi chikhalidwe cha Pakistan, ndipo amene anakana lamuloli anali Asilamu a ku Dhaka, aphunzitsi, olemba, ana asukulu. Pa 3 Malichi 1971 ophunzira anailengeza ngati nyimbo ya dziko lawo pa msonkhano wa ku Paltan Maidan, nkhondo yopatukana ndi Pakistan isanayambe n'komwe. Pa 17 Epulo 1971 boma loyamba la Bangladesh linalumbira m'munda wa mango ku Baidyanathtala, komwe lero amati Mujibnagar, ndipo nyimboyi inaimbidwa pamenepo, malo amenewo nthawi imeneyo anali pansi pa boma la Kushtia, Meherpur inadzakhala boma palokha mu 1984. Asilikali a India analowa nkhondoyo poyera mu Disembala. Ndiye zoti India anakakamiza zikuchokera pati, munthu angakukakamize chinthu chomwe unali utanyamula kale pamutu iye asanafike? Ndipo pepani kunena, koma chipani cha bambo awo a Azmi mu 1971 chinali mbali ya Pakistan. Izi sizikutanthauza kuti mwana alibe ufulu woyankhula kapena kuti zomwe anamuchita m'ndende zinali zabwino, zinali zauchinyama, koma tikamakamba za amene anasankha nyimbo mu 1971 tiyenera kukumbukira amene anali kuti.

Mfundo yachiwiri ndi imene msuweni wa abwana ankabwereza kwambiri, yoti Tagore anali zamindar, mwana wa olemera wa ku Kolkata wodya thukuta la alimi osauka omwe ambiri anali Asilamu. Apa sindimuyeretsa mkuluyu ayi. Ndalama zomwe zinamupatsa mpata wokhala m'boti n'kumalemba ndakatulo zinkachokera kwa anthu omwe ankalima ndi msana, ndipo umboni wake unalembedwa ndi munthu wa ku Kushtia komweko. Kangal Harinath wa ku Kumarkhali, mphunzitsi wosauka, anayambitsa nyuzipepala ya Grambarta Prakashika mu 1863 ndipo ankalemba mosaopa za nkhanza za azungu olimitsa indigo wopangira utoto, apolisi ndi ma zamindar, kuphatikizapo akapitawo a malo a banja la Tagore. Anthu kumeneko amasimba mpaka lero kuti eni malo atatuma anyamata a zibonga kuti akamuphunzitse khalidwe, Lalon, m'Baul wotchuka wa kumeneko, ndi ophunzira ake ndi amene anamutchinjiriza. Ndiye mlandu ulipo. Komabe taonani zomwe mukuchita mukachotsa nyimboyo pofuna kulanga mwini malo. Tagore sataya kanthu, ali ndi Nobel ya 1913, ali ndi nyimbo ya fuko ya India, dzina lake lili pa masukulu dziko lonse lapansi. Amene afufutike ndi Gagan, munthu amene alibe mabuku, chuma chake chonse chomwe chinatsala ndi chuni chomwe anthu oposa 170 miliyoni amaimirira akachimva. Zili ngati kuwotcha nkhokwe ya eni esiteti pomwe chimanga chili mmenemo ndi cha matenanti. Dongosolo la ma zamindar analithetsa ndi lamulo mu 1950, mlandu wa malo unaweruzidwa kalekale, nyumba ya a Tagore yotchedwa Kuthibari ku Shilaidaha lero ndi yosungiramo zakale ndipo zidzukulu za alimi aja ndi zomwe zimagulitsa tiyi ndi ayisikilimu wa kulfi kwa alendo pa geti.

Ena akubwera ndi chipembedzo. Akuti m'dziko lomwe anthu 9 pa 10 alionse ndi Asilamu, nyimbo ya fuko siitchula Mulungu ndipo ikutchula dziko kuti mayi, zomwe kwa iwo zikununkha kupembedza milungu yachikazi ya Ahindu. Ndimalemekeza munthu wosamala chikhulupiriro chake, koma apa ndikuona kuti akukoka mawu mpaka kuduka. Ife tikamaimba nyimbo yathu ya fuko timati Mayi Malawi, ndipo ana a ku Mangochi ndi Machinga amaimba pa asembule m'mawa uliwonse kenako masana n'kupita ku madrasa, sindinamvepo shehe akunena kuti apembedza fano. Kutcha nthaka yomwe inakudyetsa kuti mayi ndi kayankhulidwe ka mlimi aliyense. Tagore mwiniyo banja lake linali la Brahmo Samaj, gulu lomwe linkakana mafano. Koma chachikulu n'choti Kushtia yomweyo ndi umboni kuti chisilamu cha ku Bengal sichinakule motsekera ena kunja. Lalon, m'Baul wamkulu kuposa onse, anamwalira pa 17 Okutobala 1890 ku Cheuriya m'mbali mwa tawuni ya Kushtia, ndipo mpaka lero anthu amakangana ngati anabadwa Mhindu kapena Msilamu chifukwa mwiniwake ankakana kuyankha. Nkhani yomwe imasimbidwa ndi yoti anadwala nthomba ali pa ulendo, anzake anamutaya ku mtsinje poganiza kuti wafa, banja lachisilamu loluka nsalu linamutola n'kumusamalira, atachira kwawo anamukana kuti wadetsedwa chifukwa wadya chakudya cha Asilamu. Munthu wotere mumuika mbali iti ya mzere? Chithunzi chokhacho chomwe chinajambulidwa iye ali moyo anachijambula ndi Jyotirindranath, mkulu wake wa Tagore, mu 1889. Ndiye palinso Mir Mosharraf Hossain wa ku Lahinipara, wobadwa mu 1847, Msilamu amene analemba buku lotchuka kwambiri mu chiBengali lonena za imfa ya Hussain, mdzukulu wa Mtumiki Muhammad, ku Karbala, koma pa ntchito yolemba anakulira m'manja mwa Harinath, Mhindu. Ndipo amene akuti bola tiike nyimbo ya Kazi Nazrul Islam, mlakatuli wa fuko la Bangladesh, poti ndi Msilamu, akumbukire kuti Nazrul anabadwira ku Churulia mbali ya India, anamubweretsa ku Dhaka mu 1972 atadwala kale, ndipo analemba nyimbo zambirimbiri zotamanda mulungu wachikazi Kali zomwe Ahindu akuimbabe. Ngati sefa yanu ndi ya chipembedzo ndi malire, ngakhale mlakatuli wa fuko sadutsa.

Sefa imeneyi ikangoyamba siimaima pa nyimbo. Jatindranath Mukherjee, amene aliyense amamudziwa kuti Bagha Jatin chifukwa anapha chilombo chonga kambuku ndi mpeni, anabadwira ku Kaya mu Kumarkhali mu 1879, anafa mu Seputembala 1915 ku Balasore atawomberana ndi apolisi a atsamunda. Anafera dziko liti, India kapena Bangladesh, poti onse awiri kunalibe? Mu Disembala 2020 chipilala chake ku Kaya chinaswedwa usiku, ndipo amene anagwidwa sanali a madrasa monga ambiri ankaganizira, anali anyamata a chipani cholamula cha nthawi imeneyo, zomwe zikundiuza kuti matenda oswa zakale alibe chipani chimodzi. Radhabinod Pal wobadwira ku Salimpur mu 1886 anali jaji pa milandu ya nkhondo ku Tokyo, ndipo ndi yekhayo amene anati oimbidwa milandu onse amasulidwe, ati opambana nkhondo omwe ali ndi maiko a ukapolo sangadzipange okha kukhala oweruza. Ine chigamulo chakecho sindigwirizana nacho chonse, zomwe asilikali a Japan anachita ku China zinali zoopsa, koma a Japan anamumangira chipilala ku Tokyo, pomwe kwawo ena akufunsabe ngati ndi wawo. A Baul nawo akhala akumetedwa tsitsi mokakamiza ndi kuletsedwa maphwando awo m'madera ena. Lero nyimbo, mawa manda a Lalon.

Tsopano mfundo yomwe ndikuiona kuti ndi yolemera kuposa zonse, ndipo apa ndi pomwe abwana anga ankakhala chete msuweni wawo akayankhula. Anthu sakukwiyira Tagore kwenikweni, akukwiyira India, ndipo anthu a ku Kushtia ali ndi chifukwa chokwiyira kuposa wina aliyense. Mu 1975 India inatsegula damu la Farakka pa Ganges, makilomita ochepa kuchokera pa malire, kuti madzi azipatukira ku mtsinje wa Hooghly kukatsuka doko la Kolkata. Kuyambira pamenepo chilimwe chikafika madzi a Padma amatsika, pakamwa pa Gorai pamadzaza mchenga, mtsinje womwe unkanyamula maboti umasanduka bwalo, kummwera madzi amchere a m'nyanja amakwera n'kuwononga minda ndi mitengo ya Sundarbans. Boma lakhala likuwononga ndalama zambiri kukumba mchenga umenewo koma umabwereranso. Kenako pali Abrar Fahad, mnyamata wa ku Kushtia amene ankaphunzira za magetsi pa yunivesite ya BUET ku Dhaka. Mu Okutobala 2019 analemba pa Facebook kudzudzula mapangano omwe boma linasaina ndi India, kuphatikizapo a madzi, ndipo anyamata a Chhatra League, nthambi ya ophunzira ya chipani cha Hasina, anamuitanira m'chipinda china mu hostelo n'kumumenya mpaka kufa. Mu 2021 khothi linagamula kuti 20 mwa iwo aphedwe. Onjezerani anthu owomberedwa pa malire ndi Hasina kukabisala ku Delhi, mumvetsa chifukwa chomwe mnyamata wa ku Dhaka akamva chilichonse chokhudza Kolkata magazi amawira. Ine ndikumumvetsa. Koma funso langa n'losavuta, mukasintha nyimbo madzi abwerera mu Gorai? Pangano logawana madzi a Ganges linasainidwa mu Disembala 1996 ndipo ndi la zaka 30, malire ake ndi Disembala 2026, pamenepo ndi pomwe pakufunika akatswiri a madzi, ziwerengero ndi atsogoleri olimba mtima pa tebulo. Kulimbana ndi nyimbo ndi kukwapula mthunzi mwini wake ali phee akumwa tiyi. Komanso mukangonena kuti Tagore, Bagha Jatin ndi Pal ndi a India, mwapereka nokha mphatso yaulere kwa amene mukuti ndi mdani, madzi anatenga ndiye mukumuwonjezera ndi anthu omwe. Abrar ndi Gagan ndi ana a boma limodzi, amwa mtsinje umodzi, sindikuona chifukwa cholemekezera mmodzi pofufuta mnzake.

Otsala ndi amene akungoti dziko lasintha, achinyamata anakhetsa magazi mu 2024, ali ndi ufulu wosankha zizindikiro zatsopano. Ufulu ali nawo, sindikukana, Zimbabwe inasintha nyimbo yake mu 1994 ndipo kumwamba sikunagwe. Koma Amalawi tikudziwa mmene zimathera chizindikiro cha dziko chikasinthidwa ndi amene ali pampando pomwe anthu sanapemphe. Mu 2010 anatichotsera dzuwa lotuluka pa mbendera n'kutiikira dzuwa lathunthu loyera ati tatukuka, mafumu n'kumaonetsedwa pa kanema kuvomereza, mu 2012 mbendera yakale inabwerera, ndalama zosokera ndi kusindikiza zinangopita m'madzi. Ku Bangladesh nkhani yosintha nyimboyi si yatsopano, inayesedwa mu 1975 Sheikh Mujib, bambo ake a Hasina komanso mtsogoleri woyamba wa dzikolo, atangophedwa, inayesedwanso mu 1979 ndi nduna yaikulu Shah Azizur Rahman, amenenso chodabwitsa anali mwana wa ku Kushtia, ndipo atsogoleri a Jamaat anaibweretsanso mu 2002. Nthawi zonsezi inafera m'mafayilo, ngakhale pansi pa maboma omwe sankamukonda Mujib ngakhale pang'ono. Chomwe chikusokoneza achinyamata ambiri n'choti Hasina anatenga chilichonse cha 1971 n'kuchipanga ngati katundu wa banja lake, chithunzi cha bambo ake paliponse, moti munthu wotopa ndi iye amaona ngati nyimbonso ndi ya chipani chake cha Awami League. Koma nyimboyi ndi yakale kuposa chipanicho ndi zaka zoposa 40, ndipo chuni chake n'chakale kuposa pamenepo.

Abwana anga sanapambane mkangano uja, ndipo msuweni wawonso sanagonje, anangosiya kuimbirana kwa milungu ingapo. Usiku wina tikuwerenga sitoko ndinawamva akung'ung'udza chuni china chapansipansi uku akulemba mitengo pa mapaketi a shuga, nditafunsa ngati ndi nyimbo ya fuko ija anati ayi bhai, iyi ndi ya Gagan, n'kuimba ziwirizo motsatizana kuti ndimve, ine kusiyana kwake sindinakupeze. Chilimwe chakwawo chitafika msuweni uja anapita kumudzi n'kuwatumizira chithunzi pa WhatsApp popanda mawu aliwonse, anthu akuwoloka Gorai wapansi, wina akukankha njinga yonyamula matumba pa mchenga, boti litagona cham'mbali patali ndi madzi. Abwana anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandilozera ndi chala pamalo pomwe ankasambira ali mwana.